Foni inalira kuchipinda, mwini wake ali kukhola la nkhunda

Okondedwa Azakhali,

Ndakhala pabanja zaka 11 ndipo tili ndi ana atatu. Kwa zaka zinayi amuna anga ankabetcha mpira pa foni, mpaka anadya ndalama zonse zomwe tinkasunga, anakongola kwa anzawo a kuntchito ndi kwa achimwene anga, ndipo nthawi ina anatenga fizi ya mwana wathu woyamba n'kundinamiza kuti aberedwa. Miyezi 9 yapitayo analumbira kuti asiya, ndipo mmene ndikuonera anasiyadi. Malipiro awo ndimasunga ndine. Poyamba ankangokhala duu, osaseka ngakhale ndi ana. Tsopano ayamba kuweta nkhunda, zomwe ankaweta ali mnyamata. Anatola matabwa akale n'kumanga khola kuseri kwa nyumba, ndipo Loweruka lapitali anaswera komweko, moti nditawaimbira ndili paulendo foni inangolira kuchipinda iwo ataiiwala. Ndimawamva akuimba mluzu ngati palibe chinachitika, chonsecho ngongole sitinabweze ngakhale theka ndipo achimwene anga sandilankhula. Zikundiwawa kwambiri. Ndawauza kuti aphwasule kholalo mpaka ngongole ithe. Kodi ndikulakwitsa?

Ine mayi wopwetekedwa mtima.

Mayi,

Makalata onena za njuga ndimalandira ambiri, ndipo ochuluka amachokera kwa akazi omwe amuna awo akadali m'kati mwa motowo. Ndasankha yanu chifukwa ikunena za nyengo imene anthu saikamba kawirikawiri, ya pambuyo pa kusiya, pamene achibale amaganiza kuti nkhani yatha koma m'nyumba mwatsala anthu awiri osadziwa chochita ndi madzulo awo.

Amuna anu sindiwamvera chisoni pa zimene anachita. Bambo wotenga fizi ya mwana wake, n'kuyang'ana mkazi wake m'maso ndi kunena kuti waberedwa, anaba ndalama ndipo anabanso mtendere wa munthu amene ankamukhulupirira. N'zoona kuti madokotala amaliwerenga vutoli ngati matenda. Mu 2013 bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America, la American Psychiatric Association, linaliika m'gulu limodzi ndi uchidakwa ndi mankhwala osokoneza bongo, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu akuluakulu pafupifupi 12 mwa 1,000 alionse ali nalo. Zimenezi zimafotokoza chifukwa chake kusiya kumavuta, koma sizichotsa ngongole ndipo sizifafaniza bodza. Achimwene anu ayenera kubwezeredwa ndalama zawo, ndipo woyenera kupita kukapepesa pamaso pawo ndi amuna anu, osati inu.

Koma m'kalata yanu muli chiganizo chimodzi chimene mwachilemba ngati dandaulo, pamene ine ndachiwerenga katatu. Mwati foni inalira kuchipinda iwo ataiiwala. Takumbukirani mmene foni imeneyo inkakhalira m'zaka zinayi zija. Ndikhulupirira kuti sinkachoka m'manja mwawo, ankaivundikira patebulo mukamayandikira, ankalowa nayo kubafa, ndipo pakati pa usiku munkadzidzimuka n'kuona kuwala kwake pankhope pawo akudikira zotsatira za masewero a dziko limene sanapondeko. Kwa munthu wobetcha, foni ndiyo bwalo la njuga, ndiyo thumba la ndalama, ndiyonso mobisala. Munthu wotero saiiwala, monga momwe chidakwa sichiiwala pomwe chabisa botolo. Ndiye ngati Loweruka, tsiku limene masewero a mpira amachuluka, amuna anu anatha kuyambira m'mawa mpaka madzulo osakumbukira kuti ali ndi foni, chimenecho ndi chizindikiro chachikulu cha kuchira kuposa malumbiro onse amene anakulumbirirani. Lumbiro munthu amatha kulikonza, koma kuiwala sangakukonze.

Ndifotokoze chifukwa chake ndikuumirira pamenepa. M'zaka za m'ma 1950, katswiri wa khalidwe B. F. Skinner wa ku yunivesite ya Harvard ankachita kafukufuku wake pa nkhunda zomwezi. Ankaika nkhunda m'bokosi momwe inkajompha kabatani kuti chakudya chituluke. Chakudya chikamatuluka mosadziwika nthawi, mwina pambuyo pojompha kawiri, mwina pambuyo pojompha kambirimbiri, nkhundayo inkajompha mwaliwiro ndipo inkapitiriza kwa nthawi yaitali ngakhale chakudya chitasiyiratu kutuluka. Njuga imagwira munthu mwa njira yomweyo. Mu ubongo muli mankhwala otchedwa dopamine, amene amachuluka pamene munthu akuyembekezera mphotho yosatsimikizika, kotero chomwe chimamukoka wobetcha ndi mphindi ija yodikira mtima uli m'mwamba, kuposanso ndalama zenizenizo. Ubongo ukazolowera kugwedezeka kotere kwa zaka, zinthu wamba zimaleka kukoma. Nthabwala za mwana, nyimbo, kucheza ndi mkazi, zonse zimamveka ngati madzi. Kukhala duu kumene munakuona miyezi yoyambirira kunachokera pamenepa, ndipo nyengo imeneyo ndi yoopsa, chifukwa anthu ambiri amabwerera ku njuga osati chifukwa cha umbombo, koma chifukwa chosowa chilichonse chowasangalatsa. Kusowa chochita ndi kunyong'onyeka ndi zina mwa zifukwa zodziwika bwino zimene zimabweza munthu kumene anachoka.

Ichi ndicho chikhulupiriro changa, ndipo ndachinena kwa mabanja ambiri: munthu sasiya chizolowezi choipa n'kutsala ndi dzenje. Maola amene ankathera pa kubetcha sanachoke m'moyo wa amuna anu, akadalipo Loweruka lililonse, ndipo adzadzazidwa ndi chinachake, chabwino kapena choipa. Ndipo sichisangalalo chilichonse chimene chimachiza. Chofunika ndi chija chochedwa, chogwiritsa manja, chomwe chimabweza molingana ndi khama limene munthu waikapo. Nkhunda imaikira mazira awiri, yaimuna ndi yaikazi zimasinthana kufungatira kwa masiku pafupifupi 18, ndipo palibe batani limene munthu angadine kuti maunda aswe msanga. Woweta amayenera kudzuka m'mawa, kusesa zitosi, kusintha madzi, kutseka mpata womwe mphaka angalowere, kenako n'kudikira. Madzulo zikamabwerera n'kutera padenga la khola, amaziwerenga n'kupeza kuti zakwana, ndipo mawa zidzabweranso. Kwa munthu amene ubongo wake unaphunzitsidwa kukonda zosadziwika, kuphunziranso kukondwera ndi chinthu chodziwika, chobwera pa nthawi yake, ndi ntchito yaikulu kwambiri, ndipo amuna anu aiyamba okha popanda wowauza.

Onaninso kuti sanasankhe chinthu chatsopano. Abwerera ku zimene ankakonda ali mnyamata, njuga isanawapeze, asanadziwe kunama. Anthu ochira amachita zimenezi kawirikawiri. Wina amatsitsa gitala yomwe inachita fumbi n'kupeza kuti zala zikukumbukirabe nyimbo, wina amabwerera ku ulimi wa maluwa, wina ku kuthamanga kapena kusoka. Amakhala akufunafuna umboni woti munthu uja anali iwo kale akadalipo penapake, kuti iwo si njuga yokhayokha. Munthu amene amadziona ngati wakuba basi alibe chifukwa chodziletsera, koma amene wakumbukira kuti amadziwa kumanga khola ndi kulera kamoyo ali ndi chinthu choti achiteteze.

Tsopano ndikudzudzuleni, mayi, ngakhale ndikudziwa kuti munavutika kwambiri. Kholalo linamangidwa ndi matabwa otola, ndipo malipiro ali m'manja mwanu, choncho kuliphwasula sikudzachepetsa ngongole ndi kakobiri komwe. Chimene chikukuwawani ndi mluzu. Mukufuna kuona nkhope yachisoni tsiku ndi tsiku ngati umboni woti munthuyu akudziwa zimene anakuchitani, ndipo mukuopa kuti akaseka ndiye kuti waiwala. Mtima umenewo ndimaumvetsa, koma ndi wowononga. Manyazi osatha ndi amodzi mwa zinthu zimene zimakankhira wobetcha ku foni, chifukwa amayamba kuganiza kuti kupambana kamodzi kwakukulu kudzabweza ngongole zonse ndi ulemu wake tsiku limodzi. Kuthamangitsa ndalama zotayika kotereku ndiko kunameza ndalama zanu zija. Mukaphwasula khola mudzakhala mwawabwezera Loweruka lopanda kanthu, manyazi odzaza mtima, ndi foni m'manja. Ngati mukufuna umboni wa kulapa, muufune pa kubweza ngongole mwezi ndi mwezi ndi pa kunena zoona, chifukwa nkhope yachisoni ngakhale wabodza amaitha.

Ndaonanso kuti m'kalata yonse simunatchule chinthu chimodzi chimene inu mumakonda. Zaka zinayi munali mlonda, wowerengera ndalama ndi wofufuza m'matumba, ndipo ndikukayika ngati mluzuwo sukukupwetekani chifukwa iwo apeza chowasangalatsa inu musanapeze chanu. Dzifunseni kuti munasiya chiyani njuga italowa m'nyumba, ndipo muchitolenso popanda kudikira kuti ngongole ithe.

Zochita zenizeni ndi zochepa. Pitirizani kusunga malipiro, ndipo maakaunti onse obetchera atsekedwe inu mukuona. Lembani limodzi ngongole zonse papepala, ndi ndalama yobweza mwezi uliwonse, ndipo ya chakudya cha nkhunda ikhale ndi malire omwe mwagwirizana. Amuna anu apeze mlangizi wa za maganizo kapena gulu la anthu ochira, monga a Gamblers Anonymous omwe anayamba mu 1957 ku Los Angeles, chifukwa nkhunda sizingalowe m'malo mwa chithandizo. Mukadzawamva akulankhula zotaya mtima kapena zofuna kudzipha, thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, popeza vuto la njuga limayendera limodzi ndi ngozi imeneyo. Mkwiyo wanu muwauze ndi pakamwa, momveka bwino, kuti fizi ija simunaiiwale. Mukatero bwezani mawu anu onena za kuphwasula, ndipo Loweruka likubwerali mutume mwana wanu woyamba uja apite kukhola akawathandize kusintha madzi, bambo ake akamuonetse mazira.

Ine Azakhali anu.