Chipupa chobooledwa ndi phulusa m'phala: zinthu za Anavajo m'buku la m'chipululu

Mayi ena atilembera pa imelo kuti akuwerenga buku la nkhani yopeka yochitikira m'chipululu cha Arizona, ku America, ndipo zinthu zitatu zawaimitsa mutu. Wapolisi akafika pakhomo pa munthu satsika m'galimoto, amangokhala duu. Nyumba ina ili ndi chibowo pachipupa ndipo palibe woiyandikira. Gogo wina akuthira phulusa m'phala. Akufunsa ngati wolembayo anangozipeka.

Sanapeke, mayi. Anthu amenewa ndi Anavajo, eni ake amadzitcha Diné. Dera lawo, Navajo Nation, lili m'zigawo za Arizona, New Mexico ndi Utah, ndipo likulu lake ndi Window Rock.

Tiyambe ndi nyumbayo, chifukwa m'mabuku otere ndi imene imanyamula nkhani. Imatchedwa hogan. Yofala kwambiri amaimanga ndi mitengo yosanjikiza chogoneka, imakhala ndi mbali 6 kapena 8, denga lake lomata ndi dothi, pakati pali potulukira utsi. Khomo limayang'ana kum'mawa, palibe kunyengerera. Mukalowa mumakhotera kumanzere, n'kuzungulira moto kudzera kummwera, kumadzulo, mpaka kumpoto, monga liyendera dzuwa. Munthu wa m'bukumo akalowa n'kukhotera kumanja, wolemba akukuuzani mwakachetechete kuti ameneyu ndi mlendo kapena anakulira kutauni.

Za chibowo chija, onani mbali imene chili. Ngati chili kumpoto, m'nyumbamo munafera munthu. Pamwambo wawo, zoipa zonse za womwalira zimatsalira pamalo pamene wafera, ndipo amazitcha chindi. Choncho amaboola chipupa cha kumpoto, kutulutsira mtembo pamenepo, nyumbayo n'kuisiya ikhale bwinja. Ngakhale mitengo yake saitola kuti akasonkhere moto. N'chifukwa chake wodwala akafika pakayakaya ankamutulutsa panja, ndipo masiku ano ambiri amathamangira naye kuchipatala. Dzina la womwalira salitchula mwachisawawa, zimene zimamuvuta wapolisi wofufuza mlandu wakupha: mboni imangoti "uja anapita".

Kukhala m'galimoto kuja ndi "odi" wawo. Mlendo amaima poonekera, kuzimitsa injini, n'kudikira mphindi zingapo kufikira mwini nyumba ataonekera pakhomo. Kuthamangira kukagogoda ndi mwano. Akakumana amati "Yá'át'ééh", kugwirana chanza mopepuka, osayang'anana m'maso nthawi yaitali, ndipo poloza chinthu amaloza ndi milomo. Podzitchula, munthu amanena mafuko anayi: la amayi ake, limene ndi lakenso, la abambo ake, la agogo aamuna akuchikazi, ndi la agogo aamuna akuchimuna. Achewa sangadabwe nazo izi, poti nawonso mbumba amaiwerengera kuchikazi.

Tsono phulusa. Ngati munachezapo chidulo cha thelere, mwamva kale theka la nkhaniyi. Phalalo ndi la ufa wa chimanga chabuluu, ndipo phulusa lake ndi la nthambi za juniper, mtengo wa m'chipululu wa masamba ang'onoang'ono. Amatentha nthambizo mpaka phulusa litayera, kenako n'kulisefa kuti makala achoke. Muyeso wodziwika ndi supuni yaing'ono imodzi ya phulusa pa kapu imodzi ya ufa ndi makapu atatu kapena anayi a madzi. Phulusalo amalisungunula m'madzi otentha, kusefanso, n'kuthira mumphika wowira. Ufa amayamba aupondeza m'madzi ozizira, apo ayi phala limachita mibulu. Amatakasa pamoto wochepa ndi timitengo tomanga pamodzi, ndiwo mthiko wawo. Phulusa likachepa phala limatuwa, likakwanira limaoneka labuluu bwino, likachuluka limabiriwira n'kuyamba kuwawa. Ntchito yake si mtundu wokha: limawonjezera calcium wolimbitsa mafupa, komanso limathandiza thupi kupeza vitamini wa m'chimanga wotchedwa niacin. Phulusa la matabwa opaka penti kapena mankhwala a chiswe ndi poizoni, lisayandikire mphika.

Mudzakumananso ndi buledi wokazinga m'mafuta, amene pa Chingerezi amati fry bread. Mbiri yake ndi yowawa. Mu 1864 asilikali a America anawayendetsa pansi Anavajo mtunda woposa makilomita 450 kupita ku Bosque Redondo, ku New Mexico, kumene anasungidwa mpaka pangano la mu 1868. Kumeneko ankalandira ufa wa tirigu, mchere ndi mafuta a nkhumba, ndipo bulediyu amati anachokera pamenepo. Kuphika kwake n'kosavuta: makapu awiri a ufa wa tirigu, masupuni aang'ono awiri a baking powder, mchere pang'ono ndi madzi ofunda. Mukakanya, dikirani theka la ola, phwatalitsani ndi manja, boolani pakati kuti usafufume ngati mpira. Mafuta akakhala osatentha bwino buledi amangowamwa.

Kathumba kachikopa kamene munthu amatulutsa m'bandakucha kamakhala ndi mungu wa ngayaye za chimanga. Amatsinako pang'ono, kuika palilime ndi pamutu, wotsala n'kuwaza chakum'mawa popemphera. Pa kapeti yoluka ndi ubweya wa nkhosa za mtundu wa Churro, ngati muona kamzere kopyapyala kodutsa m'mphepete mpaka kunja, si kulakwitsa ayi. Woluka amasiya kanjira kuti maganizo ake asatsekeredwe m'nsaluyo. Mikanda ya miyala yabuluu yotchedwa turquoise ndi malamba asiliva ndiye inali banki: banja linkakapinyolitsa kusitolo, monga ya Hubbell ku Ganado, n'kudzawombola likagulitsa ubweya.

Chinthu chimene olemba ambiri amachinyalanyaza, pamene chimanena zambiri kuposa mikanda, ndi mgolo wa madzi kumbuyo kwa pikapu. Pafupifupi nyumba imodzi mwa zitatu zilizonse ku Navajo Nation ilibe madzi a m'mipope. Mgolo umodzi umalowa malita pafupifupi 200, ndipo kukatunga ndi ulendo wa pamsewu wafumbi umene mvula ikagwa umasanduka matope oterera. Zitsime zina zapafupi n'zosamweka chifukwa cha migodi yosiyidwa yoposa 500 ya uranium, mwala woopsa pa thanzi la munthu. Ndiye gogo wa m'buku lanu akampatsa wapolisi uja kapu ya khofi, madzi ake achokera mumgolo umenewo.