Yankho kwa mayi amene mwafunsa za mapemphero a m'buku ku Angilikani

Mayi, ndawerenga funso lanu pamodzi ndi mayankho amene ali m'munsimu. Ena akuti ingopirirani chifukwa cha banja, ena akuti thawani chifukwa ku Angilikani kulibe Mzimu. Onsewa sanakuyankheni. Inu mwati mwayamba kutsagana ndi amuna anu kutchalitchi cha Angilikani, ndipo kumene munakulira munthu amapemphera zochokera pansi pa mtima, koma kuno mwapeza anthu akuwerenga m'buku mawu omwewomwewo sabata ndi sabata, kuimirira, kukhala, kugwada, inu osadziwa chifukwa chake, mwambo ukatha aliyense wake ulendo. Mukufunsa ngati kumeneko n'kupempheradi, komanso ngati munthu angapezemo ubale. Ine ndakulira mumpingo umenewu, ndinatumikirapo kuguwa ndili mnyamata, ndipo ndakhalapo mukhonsolo ya parishi. Ndiyankha monga wam'kati, koma zofooka zathu sindibisa.

Bukulo lili ndi chifukwa chake. Kale ku England mapemphero a m'tchalitchi ankachitika m'Chilatini. Wansembe ankalankhula, mlimi ndi mkazi wake ankangoyang'ana. M'chaka cha 1549, Thomas Cranmer, amene anali Akibishopu wa Canterbury, anatsogolera ntchito yotulutsa buku la mapemphero m'chilankhulo cha anthuwo, lotchedwa Book of Common Prayer. Analikonzanso mu 1552, ndipo la mu 1662 ndi limene lakhala tsinde la mabuku a mapemphero a Angilikani m'mayiko ambiri. Pa mfundo 39 za chiphunzitso cha mpingowu, ya nambala 24 imanena mosapita m'mbali kuti kupemphera pagulu m'chilankhulo chimene anthu sakumva n'kusemphana ndi Mawu a Mulungu. Choncho bukulo silinalembedwe kuti litseke anthu pakamwa. Linalembedwa kuti anthu amene anali atakhala chete zaka mazanamazana akhale ndi mawu awoawo oyankha.

Mudzamvetsere Lamulungu likubwerali. Wansembe akati “Ambuye akhale nanu,” sangapitirire mpingo usanayankhe. Kulapa machimo n'kwa tonse, iyenso akugwada nafe. Chikhulupiriro cha Nikea, chimene chinachokera kumisonkhano ya mu 325 ndi 381, timanena tonse. M'buku la 1662 muli ngakhale lamulo loti pasakhale Mgonero pokhapokha pali anthu anayi, kapena atatu akachepetsetsa, olandira pamodzi ndi wansembe. Iye payekha sangadziyendetsere Ukaristia, ndiwo Mgonero womwewo, mumdima.

Chimene ine ndimachikonda kwambiri, ndipo ansembe amene akuwerenga pano andikhululukire, n'chakuti bukulo limateteza mpingo kwa wansembe yemwe. Ansembe ndi anthu. Wina amalalikira mpaka mtima kugunda, wina mukamamumva tulo tokhatokha. Wina akayambana ndi akuluakulu a mpingo, ulaliki wake umasanduka chikwapu. Koma ngakhale litakhala tsiku limene ulaliki wagwa chagada, simutuluka chimanjamanja. Mwamva kale Chipangano Chakale, salimo, kalata ya atumwi ndi Uthenga Wabwino, ndipo ndimezo sanasankhe ndi iye, zinakonzedwa kale. Mwalapa, mwamva mawu a chikhululukiro, mwapempherera olamula dziko, odwala ndi oferedwa, mwalandira mkate ndi vinyo. Kumene pemphero lonse latsamira pa lilime la munthu mmodzi, munthuyo akafooka, mpingo wonse umagona ndi njala.

M'munsimu wina waika Mateyu 6:7, pamene Ambuye akuletsa kubwerezabwereza mawu chabe. Vesi limeneli ndi lathu tonse, koma tiwerenge mpaka vesi 9, pamene Ambuye yemweyo akupereka pemphero loti tizinena, lomwe tonsefe timaliloweza. Ali pamtanda anapemphera ndi mawu a Salimo 22 ndi Salimo 31, mapemphero olembedwa kalekale iye asanabadwe. Nyimbo zimene mumaimba kwanu kuja nazonso ndi mapemphero amene wina analemba, ndipo palibe amadandaula kuti mawu ake sasintha. Tinene zoona, ngakhale opemphera zochokera mumtima ali ndi mawu awo amene sasowa. Mukamumva munthu katatu, kachinayi mumadziwiratu pamene akhotere.

Komabe simunaname pamene mwati zina zimamveka zozizira. Mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Alipo Angilikani amene amathamangitsa mapemphero ngati akuthawa mvula, pakamwa pakuyenda, maso ali pa wotchi. Kulapa kumene kumayenera kunenedwa mwachifatse kumatha munthu asanakumbukire n'tchimo limodzi lomwe. Limeneli ndi vuto lenileni, ndipo ife obadwira momwemo ndi amene timadwala kwambiri matendawa chifukwa tinaloweza tisanamvetse.

Koma kuloweza komweko ndinakuonera mbali ina. Ndinaperekezapo wansembe kukapereka Ukaristia kwa bambo wina wachikulire amene anafa ziwalo mbali imodzi. Kulankhula kunali kutatha, ngakhale mayina a ana ake sankatha kutchula. Tinayala kansalu koyera patebulo la pambali pa bedi, wansembe n'kuyamba pemphero la kulapa. Milomo ya mkuluyo inayamba kugwedera. Pofika pa “Atate wathu wa kumwamba” mawu ankatuluka, osamveka bwino, koma osaphonya mzere. Mkazi wake anatembenukira kukhoma n'kumalira. Munthu uja tsiku limenelo sakanatha kupanga pemphero lakelake, ngakhale la mawu atatu. Chimene chinamunyamula ndi chija ananena mobwerezabwereza zaka zonse za moyo wake. Imafika nthawi, pamaliro a mwana kapena pamene banja lagwedezeka, imene mtima umauma gwa, ndipo munthu amayamika kupeza mawu okonzeka kale, ndi anthu kumanja ndi kumanzere akunena m'malo mwake.

Za kuimirira ndi kugwada musade nazo nkhawa. Mwachidule timakhala pansi pomvera, timaimirira potamanda, timagwada popempha ndi polapa. Pa Uthenga Wabwino timaimirira polemekeza mawu a Khristu mwini. Wodwala maondo akakhala pansi palibe mlandu.

Mwati mawu ndi omwewomwewo. Mafupa a mwambo sasinthadi, koma chaka cha mpingo chimayenda, ndipo amene wabwera masabata ochepa sangachione. Chimayamba ndi Adiventi, Malamulungu anayi Khirisimasi isanafike, nsalu za kuguwa zili zofiirira. Kenako zoyera za Khirisimasi, Epifaniya pa 6 Januwale, ndiyeno Lachitatu la Phulusa limene limatsegula Lenti, masiku 40 osawerengera Malamulungu. M'maparishi ambiri phulusa limene amakupakani pamphumi limachokera ku kanjedza wa chaka chatha, yemwe uja tinkagwedeza poimba Hosana. Nyengo yonse ya Lenti Aleluya samveka m'tchalitchi. Ndikupemphani kuti musadzaphonye Lachinayi Loyera madzulo. Wansembe amavula chovala chake chapamwamba, n'kugwada ndi beseni kusambitsa anthu mapazi. Mgonero ukatha, otumikira amachotsa chilichonse paguwa, makandulo, nsalu, mabuku, maluwa, mpaka kutsala thabwa kapena mwala wosavala kanthu, nyali n'kuzimitsidwa, anthu n'kutuluka osadalitsidwa, osaimba. Ndili mnyamata ndinkanyamula nawo nsaluzo, ndipo palibe ulaliki umene unandiphunzitsa za kusiyidwa kwa Ambuye kuposa guwa lija. Ndiye pa Pasaka belu likalira ndi Aleluya kubwerera, mumamva kuti mwamusowadi. Masiku 50 kuchokera pamenepo ndi Pentekoste, nsalu zofiira, kenako miyezi yambiri ya zobiriwira. M'madayosizi ambiri mawerengo a Lamulungu amazungulira zaka zitatu, chaka cha Mateyu, cha Marko ndi cha Luka, Yohane n'kumalowa m'nyengo zikuluzikulu. Musaweruze mpingowu musanazungulire nawo chaka chathunthu.

Palinso chuma china chimene ngakhale eni akefe tachitaya. Cranmer anatenga mapemphero ambirimbiri amene amonke ankachita usana ndi usiku n'kuwaphatikiza kukhala awiri okha, a m'mawa ndi a madzulo, kuti munthu wamba wokhala ndi ntchito akwanitse. Masalimo onse 150 anawagawa kuti azitha pamwezi. Madzulo mumakhala nyimbo ya Mariya ya pa Luka 1 ndi ya Simeoni ya pa Luka 2. Buku la 1662 limalamula wansembe wa parishi kuti azichita mapempherowa tsiku lililonse m'tchalitchi, ndipo aziyamba waliza belu kuti ofuna abwere. Masiku ano maparishi ambiri belulo lili zii mkati mwa sabata, zomwe ine zimandimvetsa chisoni. Koma palibe chokuletsani kuchita mapempherowa kunyumba ndi amuna anu. Ndipo bukulo likatha, pitirizani ndi mawu anuanu monga munazolowera. Palibe lamulo la Angilikani loletsa kupemphera zochokera mumtima, ndipo mphatso imeneyi musaisiye pakhomo. M'magulu a mkati mwa sabata ndi pokaona odwala, anthu otere timawasowa.

Dziwaninso kuti parishi imene mwaionayo si chithunzi cha Angilikani yense. Kuyambira mu 1833, gulu la ku Oxford la John Keble, Edward Pusey ndi John Henry Newman linakumbutsa mpingo za mizu yake yakale, ndipo maparishi amene anamwa madzi amenewo ali ndi lubani, mabelu ang'onoang'ono, kujambula mtanda, amati Misa, wansembe amamutcha Bambo. Ena anatsata mbali ya ulaliki, mwambo wawo ndi wopepuka, ulaliki wautali. Enanso amaimba makorasi ndi kukweza manja. Onsewa ndi mpingo umodzi. Tilibe papa. Akibishopu wa Canterbury timamupatsa ulemu koma salamula madayosizi a m'mayiko ena, ndipo ngakhale msonkhano wa mabishopu wa Lambeth, umene unayamba mu 1867, zimene umagwirizana si malamulo omanga aliyense.

Tsopano za ubale. Apa sindikutsutsani. Angilikani ambiri kulandira mlendo sititha. Pali mabanja amene akhala pa benchi limodzi mibadwo itatu, ndipo mukakhalapo mosadziwa amakuyang'anani ngati mwaba. Pa nthawi ya mwambo yopatsana mtendere wa Ambuye, munthu amakugwirani dzanja maso ali kwina. Chonsecho mtendere umenewo suli moni wamba. Unaikidwa tisanapite kuguwa chifukwa cha Mateyu 5:23-24, kuti uyambe wayanjana ndi mbale wako, ndipo buku lakale lija limapatsa wansembe udindo woletsa Mgonero anthu awiri amene akusungirana chidani mpaka atayanjana. Tikanati tizitsatira zimenezi, mzere wa kuguwa ukanafupika m'maparishi ambiri, kuyambira ndi ife a khonsolo.

Ubale wa parishi suoneka Lamulungu m'mawa. Uli Lachiwiri ndi Lachinayi, kumene kwaya ikuphunzira nyimbo, kumene amayi ochepa akuchapa ndi kusita nsalu za kuguwa, kumene aphunzitsi a Sande sukulu akukonza phunziro, kumene anthu akumana pakhomo pa mnzawo kuwerenga Baibulo. Bungwe la amayi la Mothers' Union linayamba mu 1876 pamene Mary Sumner, mkazi wa wansembe ku Old Alresford ku England, anaitana amayi a m'parishi yake, olemera ndi osauka omwe, kuti azithandizana kulera ana m'chikhulupiriro. Lero lili m'mayiko ambiri, ndipo m'maparishi ochuluka ndi amayi amenewa amene amayamba kudziwa kuti uje wagonekedwa m'chipatala, uje mwamuna wamuthawa, uje ana ake asiya sukulu. Nawonso ali ndi timagulu tawo ndi timiseche tawo, sindikuwayeretsa. Koma tsiku limene mudzagwe m'mavuto, oyamba kugogoda pakhomo panu adzakhala iwowo, wansembe n'kubwera pambuyo.

Musadikire kuti wina adzakuitaneni, chifukwa mwina sadzatero. Sankhani kagulu kamodzi kokha ndipo muzipitako. Msonkhano wapachaka wa parishi ukafika, kumene amasankha mawodeni, akhristu wamba oyang'anira za tchalitchi, ndi a khonsolo komanso kuwerenga za ndalama, mudzakhalepo. Ngotopetsa, nthawi zina amakangana pa zinthu zazing'ono, koma ndi pamene mudzaone kuti parishi si ya wansembe. Iye bishopu akhoza kumusamutsa chaka chamawa, anthuwo n'kutsala.

Pa za Mgonero, popeza mwafunsanso ngati mungalandire. Ngati munabatizidwa ndi madzi m'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera, ubatizo wanu ndi wovomerezeka ndipo sadzakubatizaninso. Zoti mulandire musanalimbitsidwe ndi bishopu pa mwambo wokusanjikani manja wotchedwa ulimbitso zimasiyana dayosizi ndi dayosizi, choncho kaonaneni ndi wansembe wanu mkati mwa sabata, osati pakhomo la tchalitchi anthu ali piringupiringu. Padakali pano mukhoza kupita kutsogolo ndi anzanu, n'kupingasa manja pachifuwa, iye adzakudalitsani. Makalasi a ulimbitso ndi malo abwino ofunsira mafunso onse amene mwalemba pano, ndipo achikulire amaphunzira nawo, si ana okha.

Amuna anuwo nawonso ali ndi ntchito. Akupezereni buku lanulanu, akhale nanu pansi Loweruka madzulo, akusonyezeni masamba a mawa ndi kuikamo timapepala, kuti musamangotembenuza uku anzanu afika kale pa Amen. Akalephera kufotokoza chifukwa chimene amagwadira pamene amagwadapo, muwatenge apite nanu kumakalasi aja.