Kasitomala akuwerenga ma secret a mnzake pa Kubernetes

Funso: Tili ndi cluster imodzi (gulu la makompyuta ogwira ntchito limodzi) ya Kubernetes (pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu ena pa makompyutawo), makasitomala atatu, aliyense ndi namespace yake (chigawo chake mu cluster). Dzulo mmodzi watiuza kuti akutha kuwerenga ma secret (mosungira ma password ndi makiyi) a mnzake. Kodi pulogalamuyi ili ndi bowo? Tiike version yatsopano?

Yankho: Achimwene, version musaikhudze kaye. Nthawi zambiri bowo amaboola ndi mwini cluster. Ndikukayikira ClusterRoleBinding, yomwe imapereka zilolezo pa cluster yonse. Wina atatopa ndi uthenga wa "forbidden" anangomangirira cluster-admin (mphamvu zonse) pa service account (akaunti imene pulogalamu imagwiritsa ntchito) kuti ntchito iyende, n'kuiwala. Kapena munatola Helm chart (phukusi loikira pulogalamu mu cluster) pa intaneti n'kuiika osaiwerenga. Zaulerezi zambiri zimapempha mphamvu zonse, inu n'kungovomera. RoleBinding nayo imapereka zilolezo koma imathera mu namespace momwemo, ClusterRoleBinding sidziwa malire.

Musanandifunsenso china, lembani ichi (kasitomala-a ndi namespace ya wowerengayo, kasitomala-b ndi ya mwini ma secret):

kubectl auth can-i list secrets -n kasitomala-b --as=system:serviceaccount:kasitomala-a:default

Ikati "yes", wakuba mwamugwira. Ikati "no" musasangalale msanga, chifukwa default si service account yokhayo. Bwerezani pa service account iliyonse ya kasitomala A, kenako akaunti za anthu ake ndi magulu awo. Chotsani mawu oti list secrets, muike --list kuti muone zonse zimene akauntiyo ikuloledwa, ndipo pomwe pali nyenyezi (*, kutanthauza zonse), pa verbs (zochita) kapena pa resources (zinthu), imani pomwepo. Ambiri amatseka get n'kusiya list, poganiza kuti list imangoonetsa mayina. Ayi ndithu, imatulutsa secret yonse ndi zam'kati mwake, ndipo watch nayo chimodzimodzi. Base64, kalembedwe kamene zam'kati mwa secret zimaonekera, si loko, aliyense amaimasula ndi mzere umodzi. Kumbukiraninso kuti token (kiyi yolowera) ya service account imakhala mu pod (momwe pulogalamu imayendera), pa /var/run/secrets/kubernetes.io/serviceaccount/token, ndiye wolowa mu pod watenga mphamvu zake zonse. Pod yosalankhula ndi API ya Kubernetes (khomo lolamulira cluster) muiikire automountServiceAccountToken: false.

Zinazo mwachidule. Popanda NetworkPolicy (malamulo a ma pod amene angalankhulane), ma pod a namespace zonse amalankhulana momasuka. PodSecurityPolicy, yomwe inkaletsa ma pod oopsa, inachotsedwa mu Kubernetes version 1.25, mu 2022, choncho ngati simunakhazikitse Pod Security Admission yomwe inalowa m'malo mwake, kasitomala angathe kuyendetsa pod ya privileged (yamphamvu zonse) kapena ya hostPath (yofikira mafayilo a kompyuta) n'kufika pa node (kompyuta) imene pali ma pod a anzake.

Ma password ndi makiyi onse a kasitomala B asintheni lero lomwe. Kuchotsa binding sikubweza zomwe zawerengedwa kale.