Achimwene, nyimbo zoiwalika mukuzifunazo yambirani ku Zambia

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a ku Zomba. Akuti anayamba kukonda nyimbo za gulu la ku Australia la Tame Impala, ndiye mnzawo anawauza kuti kaliridwe ka magitala koteroko, komveka ngati kumaloto, kamene amakatcha psychedelic, kanayamba kalekale, m'zaka za m'ma 1960. Funso lawo linali lakuti: "Ndikufuna nyimbo zakale za psychedelic ndi zina zabwino zimene anthu sanazilabadire, koma pa intaneti zachuluka mpaka mutu ukuzungulira. Ndiyambire pati?"

Zikomo achimwene pondilembera. Mwina mukudikira kuti ndikutumizeni ku London kapena ku San Francisco. Kumeneko mudzafikako ndithu, koma ine ndikuti yambirani pafupi pompano, kungodutsa malire a ku Mchinji. Nyimbo zake amazitcha Zamrock.

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, ndalama za mkuwa zinkayenda m'matauni a ku migodi monga Kitwe, Ndola ndi Chingola. Anyamata a kumeneko ankamvera Jimi Hendrix, The Rolling Stones ndi James Brown, nayamba kutsanzira. Posakhalitsa kutsanzirako kunasanduka chinthu chawochawo: gitala yolira mosasa mawu ngati mavu okwiya, ng'oma zogunda mwa kwathu kuno, ndi mawu osakaniza Chingelezi, Chibemba ndi Chinyanja. Kenaka boma la a Kenneth Kaunda linalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Magulu oyimba anaphuka ngati bowa mvula itagwa.

Chimbale choyamba chimene ndikufuna mumvere ndi Africa, cha gulu la ku Kitwe lotchedwa Amanaz, chimene chinatuluka mu 1975. Gululi linatulutsa chimbale chokhachi basi, kenaka linabalalika. Muli nyimbo ina yotchedwa Khala My Friend. Ndimakumbukira usiku umene ndinaimva koyamba: gitala ikuyenda pang'onopang'ono, woyimba akudandaulira mnzake motsitsa mawu, ndiye ndinangomva liwu lathu lomwe lija, "khala", pakati pa Chingelezi. Ndinaibwereza kanayi ndisanagone. Sindinaganizepo kuti nyimbo za mtundu umene ndinkaufunafuna kutali zingandilankhule m'chilankhulo cha mayi anga.

Mukatero pitani kwa WITCH. Dzinali ndi chidule cha We Intend To Cause Havoc, ndipo chimbale chawo cha Lazy Bones!! cha 1975 ndicho chimene ambiri amayambira. Woyimba wawo, Emmanuel Chanda, anthu anamupatsa dzina lakuti Jagari chifukwa ankavina pa nsanja ngati Mick Jagger wa The Rolling Stones. Ngati mukufuna zaukali, zogwedeza m'chifuwa, funani Paul Ngozi ndi gulu lake la Ngozi Family, makamaka Day of Judgement cha 1976 ndi 45,000 Volts cha 1977. Paul Ngozi ankayimba za moyo wa m'makomboni a ku Lusaka, ndipo zambiri mudzazimva popanda wokutanthauzirani. Mu 2024 woyimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatenga chidutswa cha nyimbo yake ya Nizakupanga Ngozi n'kuchiika m'nyimbo yake ya Noid. Achinyamata ambirimbiri a ku America akhala akumva Chinyanja osadziwa n'komwe.

Tsono n'chifukwa chiyani nyimbo zabwino chonchi zinaiwalika? Apa ndipamene ndikufuna mumvetse, chifukwa yankho lake lidzakuthandizani kulikonse kumene mungakafufuze. Pakati pa zaka za m'ma 1970 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo munthu wosowa ufa sagula chimbale. Nkhondo ya ku Rhodesia (lero Zimbabwe) itasefukira m'Zambia, boma linaletsa kuyenda usiku, ndiye magulu oyimba anasowa kokayimbira. Disco inabwera, kalindula, nyimbo zovina za ku Zambia komweko, naye anatenga malo. Pamwamba pa zonsezi, Edzi inatenga oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa anyamata amene anayambitsa WITCH, Jagari anatsala yekha, ndipo anakhala zaka zambiri akukumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya. Palibe pa zifukwa zonsezi chimene chikukhudza ubwino wa nyimbozo. Zimandipweteka mtima kuti ambiri mwa iwo anapita kumanda akuganiza kuti ntchito yawo yathera pomwepo.

Nyimbozi zinadzauka chifukwa cha anthu ofufuza zimbale zakale. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inazitulutsanso, ndipo mu 2017 inasonkhanitsa nyimbo za magulu osiyanasiyana m'zimbale ziwiri zotchedwa Welcome to Zamrock. Jagari anabwerera pa nsanja, ndipo WITCH inatulutsa chimbale chatsopano, Zango, mu 2023.

Mukakhuta za ku Zambia, njira ndi yotseguka. Ku Brazil kuli Os Mutantes, amene anayamba kutulutsa zimbale mu 1968 asilikali akulamulira dziko. Ku Turkey kunali Erkin Koray. Ku Britain, Vashti Bunyan anatulutsa chimbale mu 1970, sichinagulidwe, iye anasiya kuyimba kwa zaka zambiri, ndipo anthu anadzachizindikira chitatulukanso mu 2000. Nkhani ya Rodriguez wa ku Detroit mwina munaimva kale: kwawo sankadziwika, pamene ku South Africa zimbale zake zinali m'nyumba zambirimbiri iye osadziwa.

Za kafufuzidwe ndingokuuzani zimene ndimachita ine. Sindilola kuti makina a Spotify kapena YouTube azindisankhira, chifukwa amakubwezera kumene kuli anthu ambiri kale. Ndimawerenga mayina olembedwa pa chimbale n'kuwatsata. Mwachitsanzo, woyimba ng'oma wa Ngozi Family anali Chrissy Zebby Tembo, ndipo mukamutsata mupeza chimbale chakechake, My Ancestors, mmene Paul Ngozi akuliza gitala. Dzina limodzi limakupatsani lina. Ndipo chonde mverani chimbale chonse, kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kawiri kapena katatu, musanachiweruze. Zambiri mwa izi anazijambula mofulumira ndi zipangizo zochepa, ndiye khutu lozolowera nyimbo zosalala za masiku ano limayamba lakana. Lipatseni nthawi.

Chomaliza, achimwene, funsani akuluakulu kwanu. Amalawi ambiri anagwira ntchito ku migodi ya ku Zambia, ndipo ena anabwerako ndi zimbale ndi makaseti. Ngati muli ndi amalume kapena agogo amene anakhalako ku Kitwe kapena ku Ndola, alizireni Khala My Friend pa foni, muone nkhope yawo, kenaka muwafunse zimene zili m'sutikesi yakale ija ya kunsi kwa bedi. Mukapeza kanthu mundilemberenso.