Ndikuyankha iwe msuweni, za manda ndinajambula aja

Eee, moni nonse. Iwe msuweni, wafunsa kuti manda ndinajambula Loweruka aja ndi a ndani. Dikira nditseke chitseko... eya. Koma iwe ndimakudziwa, chiyambire tili ana sunafunsepo chinthu molunjika, umayamba wazungulira kuseri kwa nyumba kaye. Chabwino.

Manda aja ali kufupi ndi Priceville, ku Grey County, kuno ku Ontario m'dziko la Canada, ulendo wa maola awiri kuchokera ku Toronto. Amawatchula kuti a Old Durham Road. Anagona pamenepo ndi anthu akuda amene anayamba kuswa mphanje m'derali cha m'ma 1849. Ambiri anachokera ku America, ena othawa ukapolo, poti kuno unali utathetsedwa mu 1834. Malo ankagawidwa maekala 50, nkhalango yokhayokha, munthu agwetse mitengo ndi nkhwangwa, amange nyumba ya mitengo yomweyo. Koma ambiri mapepala a malowo sanawalandire, ndiye m'kupita kwa zaka anabalalika, minda n'kugwa m'manja mwa ena.

Ndiye ndili chiimire pamenepo, amene anandibwerera m'mutu ndi amalume. Osati a njinga aja, ayi, aakulu. Ukukumbukira kope lawo lachikuto chofiira lija? Chofiira kapena chabulauni... chofiira, chifukwa ankalimanga ndi mphira wa tchubu. Iwe unali wamng'ono, ntchito yako inali kulira kuti akubereke, koma ine ndinkawatsatira. Ankaima patsinde pa mtengo waukulu uja wa kumanda kwathu kumudzi, n'kutembenukira kotulukira dzuwa, n'kuyamba kuwerenga mapazi mokweza. Akafika pa mtumbira amaima, amanyowetsa pensulo palilime, n'kulemba dzina ndi nambala ya mapazi. Ndinawafunsa tsiku lina kuti bwanji osangouza anthu, anandiyang'ana nthawi yaitali osayankha, kenako n'kundipatsa pensulo kuti ndilembe ndine. Dzina la agogo aamuna m'kope lija ndi dzanja langa, ndili Sitandade 4. Sindinauzepo munthu zimenezi.

Nanga si mukudziwa nonse mmene zinathera. Mtengo unadulidwa chaka cha mkangano uja, sindibwereza. Kope analisunga bwino kwambiri, m'sutikesi pansi pa bedi, moti chiswe chinalipeza chisanapezedwe ndi ife. Tsiku loika azakhali, anthu akuluakulu ndithu anaima ndi makasu m'manja akutsutsana kuti mwana wawo woyamba uja anagona mbali iti. Amalume anali atakhala pampando, maso atafooka kale, akungoti yambirani pamtengo, yambirani pamtengo. Mtengo palibe. Zimandiwawabe mpaka lero.

Iii, ndapita kutali. Ndimanena za Priceville. M'zaka za m'ma 1930 mlimi wina amene malowo anali m'manja mwake anazula miyala ya pamanda ija, n'kulima, n'kudzala mbatatesi. Pamwamba pa anthu, msuweni. Akumeneko amasimba kuti miyala ina inakayalidwa pansi m'chipinda cha kunsi kwa nyumba, wina ana asukulu n'kumaugwiritsa ntchito pabwalo lamasewera. Zaka makumi angapo zinadutsa anthu akudziwa koma osanena. Mu 1989 ndi pamene kagulu ka anthu a m'deralo kanayamba kufufuza, ndipo anapeza miyala inayi pamulu wa miyala pafupi ndi malowo. Inayi yokha. Mu Okutobala 1990 a Lincoln Alexander, amene ankaimira Mfumukazi ku Ontario, munthu wakuda woyamba pa udindo umenewo, anapita kukapatulanso malowo. Lero miyala ija anaimangira kadenga kuti chipale ndi mvula zisaidye. Ndinawerama kuti ndiwerenge, zilembo zina zinafufutika, umachita kuzitsatira ndi maso pang'onopang'ono. Koma zimawerengeka. Ena onse amene anagona m'munda uja ali pansi pa udzu wosalala, sungadziwe kuti mutu uli kuti.

Ndiye chimene umafuna kufunsa, usakane, ndi choti kodi ine ndili mbali iti pa nkhani yoika mwala pamanda a agogo, poti ndakhala chete sabata ziwiri ndipo ukuganiza kuti ndikuona ngati n'kutaya ndalama. Ayi. Mwala uikidwe, gawo langa nditumiza mwezi uno ukatha. Koma ndili ndi pempho. Tisathere ndalama pa kukongoletsa mwala umodzi pamene ena asanu ali opanda dzina. Bola miyala ing'onoing'ono, aliyense dzina lake ndi zaka zake, kuphatikizapo mwana wa azakhali uja, ngakhale titangoyerekeza mbali yake mogwirizana.

Ndipo mwala wokha sukwanira, waona zinachitika kuja. Pakhale pepala la mapu a mandawo, lijambulidwe pafoni, aliyense pagulu pano akhale nalo. Tisawerengere pamtengo ayi.

Wandimva, iwe? Chifukwa ndikudziwa umamvera mavoisi uku ukukazinga zinthu, kenako uzikauza anthu kuti ndakana. Sindinakane. Ndavomera, ndalama ndituma, koma mayina onse asanu ndi limodzi alembedwe, pamwala ndi papepala pomwe. Mawa upite kwa amayi aang'ono ukawafunse chaka chimene agogo anabadwa ndi kalembedwe kenikeni ka dzina lawo lachiwiri, ndi okhawo atsala amene akudziwa. Upite m'mawa, masana amakhala atatopa.