Yankho kwa mphwanga wa ku Joni pa za tenti yake ya chamba

Moni nonse pagulu pano. Amayi, azakhali, pepani, mawuwa atalika pang'ono, ndikuyankha funso la mphwanga la dzulo lija. Mphwanga, ndakumva ndipo zithunzi ndaziona. Ukuti tenti yako yolimiramo m'nyumba ndi ya mita 1.2 uku ndi uku, msinkhu mamita 2, muli mitengo inayi ya chamba imene yangoyamba kumene maluwa. Ukatsegula zipi ukupeza makoma ali madontho okhaokha, masamba apamwamba akupindikira m'mwamba, ndiye ukufunsa ngati ugule getsi lalikulu. Usagule, ndalamayo isunge. Vuto lako ndi mpweya, ndipo likuonekeratu pachithunzi chachiwiri chija. Fani yotulutsa mpweya ndi getsi wazilumikiza pa timer imodzi, kachipangizo koyatsa ndi kuzimitsa magetsi pa nthawi yake, komanso paipi yotulutsa mpweya ikuthera m'chipinda momwemo, zenera lili chitsekere.

Amayi, mtima ukhale m'malo. Ku South Africa khoti la Constitutional Court linagamula mu 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kulima ndi kugwiritsa ntchito chamba payekha pamalo pake, ndipo mu 2024 Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasainira lamulo lake. Koma iwe mphwanga, kugulitsa ndi mlandu, kupatsa mwana ndi mlandu, ndipo zowoloka nacho pa Beitbridge kapena pa Mwanza usayerekeze. Kumudzi nkhani ndi ina. Lamulo la Malawi la 2020 limalola okhawo amene atenga chiphaso ku Cannabis Regulatory Authority, olimira mankhwala ndi mafakitale, choncho wina asamve mawu angawa n'kukakhoma tenti ku Ndirande. Ndipo poti nyumbayo ndi ya lendi, eni ake adziwe.

Tiyeni ku madontho aja. Ndi madzi omwewo amene umathirira. Mbewu imasunga pang'ono chabe, opitirira 90 peresenti amatulukira m'masamba n'kulowa mumpweya. Ukathira malita 4 patsiku, dziwa kuti pafupifupi onsewo adzayandama m'tentimo. Getsi likamayaka mpweya umafunda, ndipo mpweya wofunda umanyamula madzi ambiri osaoneka. Likangozima, kutentha kumatsika, mpweya uja sungathenso kusenza madzi onsewo, chinyezi chimalumpha mkati mwa ola limodzi, kuchoka mwina pa 55 kufika 80 kapena 90 peresenti, madzi n'kuyamba kukhala pamakoma ndi m'kati mwa maluwa. Pa ola lomwelo, limene fani ikufunika kuposa nthawi ina iliyonse, timer yako ikuizimitsa. Ndiye lero lomwe izule pa timer, uilowetse pa soketi yakeyake. Fani yotulutsa mpweya sizima, usana ndi usiku, mpaka tsiku lokolola.

Kukula kwa fani timawerengera chonchi. 1.2 kuchulukitsa ndi 1.2 kuchulukitsa ndi 2, upeza 2.88, tingoti ma cubic metre atatu. Mpweya wonsewo uzisinthidwa kamodzi pa mphindi, ndiye pa ola ndi 180. Koma sefa ya makala ija yochotsa fungo imadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu ya fani, ndipo paliponse pamene paipi yakhota pamadyanso. Choncho pabokosi pazilembedwa 300 kapena 350 pa ola. Mafani ambiri a 100 mm amathera cha m'ma 200, amaperewera. Tenga ya 125 mm kapena 150 mm yokhala ndi kopotokola kochepetsera liwiro. Fani yaikulu yoyenda pa theka imachita phokoso lochepa kusiyana ndi yaing'ono yothamanga mpaka mapeto, ndipo anzako oyandikana nawo adzagona.

Sefa uipachike m'mwamba mwenimweni m'kati mwa tenti, chifukwa mpweya wotentha umakwera. Kenako fani, kenako paipi, yaifupi ndi yowongoka mmene ungathere, itulukire pazenera. Dula thabwa lokwana pazenerapo, uboole bowo la saizi ya paipi, basi. Mmene zililimu ukutulutsa mpweya wonyowa m'tenti, ukuzungulira m'chipinda, n'kubwereranso pansi, palibe chimene ukuchotsa. Mpweya watsopano umalowera pa timazenera tam'munsi tija, ndipo malo olowera akule kawiri kuposa bowo lotulukira. Uona kuti zili bwino makoma a tenti akamakokeka pang'ono m'kati. Akatupira kunja, fungo lituluka osadutsa m'sefa. Akakokeka kwambiri mpaka kukhudza masamba, fani ikubanika, tsegula kazenera kena. Chipindacho nachonso chizilandira mpweya, kaya pampata wapansi pa chitseko kaya pazenera lina.

Za sefa ndiwonjezere kuti makala akanyowa sagwira fungo, ndipo chinyezi chikamakhala pamwamba pa 70 amayamba kufooka. Kansalu koyera kakunja uzichapa kakada ndi fumbi. Sefa yeniyeniyo imatha pakadutsa chaka kapena chaka ndi theka.

M'kati muzikhalanso timafani tiwiri topanira pazitsulo, kena pamwamba pa mitu ya maluwa, kena pansi pa masamba. Masamba azingogwedezeka pang'onopang'ono. Ukalozetsa fani pamtengo umodzi tsiku lonse, masamba ake amapindikira pansi n'kuuma m'mphepete, iwe n'kuyamba kuganiza kuti ndi feteleza.

Tsono popanda choyezera ukungoyenda mumdima. Gula ka hygrometer, koyezera chinyezi cha mumpweya, kamene kamasunga nambala yapamwamba ndi yapansi, kamayezanso kutentha. Ukapachike pamsinkhu wa mitu ya mbewu, osati pansi, osatinso pamene kuwala kukukawomba mwachindunji, kaphimbe ndi kakatoni pamwamba. Totchipa tambiri timanama, ndiye kayese kaye. Thira mchere m'kachitsekero ka botolo, udontheze madzi pang'ono kuti ungonyowa osasungunuka, uike pamodzi ndi kachipangizoko m'pepala la pulasitiki lotseka bwino usiku wonse. Kazionetsa 75. Kakaonetsa 70, ndiye kuti nthawi zonse uziwonjezera 5 pa nambala yake.

Manambala ake ndi awa, uwalembe penapake. Mbande zimafuna chinyezi cha 65 mpaka 70 chifukwa mizu ikadali yochepa. Zikamakula masamba, 55 mpaka 65. Pamene wafika iwepa, maluwa akuyamba, tsitsa pakati pa 45 ndi 55, ndipo masabata atatu omaliza, mitu itathina, ukhale pa 40 mpaka 45. Kutentha, getsi likuyaka, madigiri 24 mpaka 28. Litazima, 18 mpaka 22. Kusiyana kwa usana ndi usiku kukakula kwambiri, madontho aja amabwerera ngakhale fani ikuyenda.

Chimene ndikuopa ine ndi chuku. Madontho pakhoma sapha mbewu, koma chuku chimatha kukuwonongera ntchito ya miyezi inayi m'masiku ochepa, ndipo chimasankha mutu waukulu umene ukunyadira uja, chifukwa ndi umene mphepo silowa. Chimayambira m'kati, pafupi ndi tsinde, kunja kukuoneka bwinobwino. Chizindikiro choyamba ndi katsamba kamodzi kotulukira pamutupo kamene kauma mwadzidzidzi kokha. Ukakakoka kamangozuka popanda kulimba, ndipo ukatsegula mutuwo mupeza mwabulauni kapena motuwa, mwaubweya. Ukachipeza, zimitsa kaye timafani tam'kati kuti fumbi lake lisauluke, vundikira mutuwo ndi pepala la pulasitiki, dula masentimita angapo pansi pa pamene pawola, ukataye kunja, sizasi uipukute ndi sipiriti. Usati ndiumitsa chikhala bwino. Chamba cha chuku sichisutidwa, chimalowa m'mapapo. Matenda ena ndi oyera ngati ufa umene wawazika pamasamba, amayambira m'munsi momwe muli mthunzi ndi mpweya woima. Onsewa mankhwala ake oyamba ndi amodzi: sadza masamba ndi tinthambi tam'munsi timene kuwala sikufikako, chotsa masamba amene agonerana chifukwa pakati pawo pamachita thukuta, thirira getsi likangoyaka kumene osati likatsala pang'ono kuzima, ndipo madzi otsalira m'timbale tapansi pa miphika uzitaya.

Pali nthawi imene fani yokha singakwanitse. Ku Johannesburg mvula imagwa kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, ndipo sabata ya mvula mpweya wakunja umakhala wonyowa kale. Fani singatsitse chinyezi kuposa cha mpweya umene ikukoka, kupatula kamene kamatsika chifukwa getsi lautenthetsa. Pamenepo mpofunika dehumidifier, chipangizo chochotsa chinyezi mumpweya. Uiike m'chipinda, pafupi ndi polowera mpweya, osati m'tenti, chifukwa imatulutsa kutentha komanso imadya malo. Fani uichepetse liwiro pang'ono kuti isamataye kunja mpweya wonse umene waumitsa. Malita a madzi ochotsedwa patsiku amene amalemba pabokosi amayezera pa madigiri 30 ndi chinyezi cha 80, m'chipinda mwako idzachotsa mwina theka lake, ndiye ya malita 20 ndi imene ingakuthandize, ya 10 ingokudyera mayunitsi. Juni ndi Julayi zimatembenuka. Mpweya umauma kwambiri, akangaude ofiira, omwe aja a pa tomato, amaswana pansi pa masamba, ndipo simenti imazizira mpaka mizu kuima. Nthawi imeneyo miphika uikhazike pathabwa kapena pa polystyrene, ndipo mbande uziikire chonyowetsa mpweya.

Tsopano getsi. Masamba opindikira m'mwamba m'mphepete, apamwamba okhaokha, apansi ali bwino, ndi kutentha ndi kuwala kochuluka. Pachithunzipo getsi lili mwina masentimita 20 kuchokera pamitu. Likweze lifike 40 kapena 45, ndipo ngati lili ndi kochepetsera, tsitsa pa 75 peresenti kwa masiku angapo. Uziyeza kawirikawiri, chifukwa masabata atatu oyamba a maluwa mbewu imathamanga, ina imafika kawiri msinkhu umene inali nawo. Zikafika poti getsi lagunda kudenga, pinda nthambi zazitali uzimangirire cham'mbali, kapena yala neti kuti mitu yonse ikhale pamzere umodzi. Nsonga zikayamba kuyera, lawandikira kwambiri. Mbewu ikamatalika yowonda, mfundo zili patalipatali, ndiye kuti latalikira.

Pa tenti ya saizi yako, LED yokoka mawati enieni 400 mpaka 480 yakwana. Ndati enieni, chifukwa ambiri amalemba 1000W pabokosi koma kukhoma akukoka 100 kapena 150. Yang'ana kapepala kapa driver, kabokosi kachitsulo kaja, ndi pamene pali zoona. Ngati chingwe chikulola, driver uitulutse kunja kwa tenti, kutentha kutsikako ndithu. Njira ina yaulere ndi kuyatsa getsi usiku, 6 koloko madzulo mpaka 6 m'mawa, lizizima masana dzuwa likuswa. Posintha nthawiyo, talikitsa mdima kamodzi mpaka ifike nthawi yatsopano. Usatalikitse kuwala.

Pokula masamba ndi maola 18 kuwala, 6 mdima. Pa maluwa ndi 12 ndi 12, ndipo maola 12 a mdimawo akhale mdima weniweni. Kuwala kukamalowa, mbewu yaikazi imasokonezeka n'kutulutsa timaluwa tachimuna, tachikasu, timene alimi amati tinthochi, ndipo mitu yonse imadzaza njere. Popeza mdima wako ukhala masana, yesa chonchi: lowa m'tenti, wina atseke zipi, ukhale mphindi zisanu maso azolowere. Paliponse pamene paoneka kuwala umatepo tepi yakuda. Usaiwale timagetsi tofiira ta pa extension ndi pa timer ngati zili m'kati. Polowera mpweya pam'munsi ikapo chidutswa cha paipi chokhota kawiri, mpweya umakhota koma kuwala sikukhota. Ndipo chizolowezi chotsegula zipi nthawi ya mdima kuti ungoona, kapena kuonetsa anzako ndi tochi ya foni, chisiye.

Magetsi a Eskom akazima, kaya ndi load shedding kaya vuto la m'dera, timer yozungulira ya mano ija imaima, ndipo akabwera imapitiriza pamene inaimira. Akazima maola awiri katatu, nthawi yako yasuntha ndi maola 6 iwe osadziwa. Gula ya manambala yokhala ndi batire m'kati. Magetsi akazima nthawi ya kuwala, usabweze maolawo kumapeto, mdima wowonjezera suvulaza ngati kuwala kolowa mumdima. Ingotsegula zipi kuti mpweya uyende. Akazima nthawi ya mdima, zipi usakhudze. Ngati uli ndi ka inveta, lumikiza fani, osati getsi. Fani imakoka mawati 30 mpaka 60 basi, batire laling'ono limaiyendetsa maola angapo, pamene getsi lingalimalize nthawi yochepa.

Uwerengerenso mayunitsi, usadzakangane ndi amene mumagawana nawo mita. Mawati 480 kwa maola 12 ndi mayunitsi 5.76 patsiku, pafupifupi 173 pamwezi. Fani ya mawati 50 yosazima ndi ena 36. Dehumidifier ikalowapo, akwera ndithu. Extension ija ndaiona pansi pafupi ndi ndowa ya madzi uichotse lero, uimangirire m'mwamba pachitsulo kapena kunja kwa tenti, ndipo heater kapena ketulo zisalowe pa extension imodzi ndi getsi.

Ndiye chita zitatuzi kaye, fani pa soketi yake, paipi pazenera, getsi m'mwamba. Pakatha masiku awiri unditumizire chithunzi cha hygrometer chikuonetsa nambala yapamwamba ndi yapansi, komanso cha kapepala kapa driver. Yapamwamba ikakhala ikudutsabe 60, tikambirana za dehumidifier. Utumize ku inbox, amayi tawatopetsa.