Bakkie ya dizilo pa timaulendo ta mu Joni: yankho kwa achimwene a ku Rosettenville

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena okhala ku Rosettenville. Dzina ndilisunga, koma nkhani yawo ndi iyi. Amagulitsa tomato, anyezi, kabichi ndi mbatatesi. M'bandakucha uliwonse amapita kumsika waukulu wa ku City Deep kukapikula katundu, n'kukatula pamalo awo awiri, amodzi ku Turffontein, ena pafupi ndi kunyumba, kenako kukasiya mwana kusukulu. Mpaka pano akhala akuchita hayala bakkie (galimoto ya pikiapu) ya munthu ndipo atopa nazo. Asonkhanitsa kandalama, maso ali pa bakkie ya dizilo yoyendapo kale. Alemba kuti: "Alamu anga akuti dizilo safuna timaulendo tifupitifupi, akuti ndizidzangokhalira kugalaja. Koma ine ndikufuna galimoto yoti December ndizipita nayo kwathu ku Mangochi. Kodi akunena zoona, kapena ndi kaduka chabe?"

Achimwene, wakutsina khutu ndi mnansi. Alamu anuwo sakunama, kungoti nkhani aidulira pakati.

Injini ya dizilo imachedwa kutentha. Chifukwa chake n'chomwecho chimene mukuikondera: siwononga mafuta ambiri, motero moto wotayika ndi wochepa, komanso chitsulo chake n'chochindikala. Imagwira ntchito bwino madzi ake akafika madigiri pafupifupi 90, ndipo oyilo amatentha mochedwa kuposa madziwo. Tsono Joni ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene palekezera nyanja yamchere, ndipo m'mawa wa June ndi July mumaudziwa nokha, galasi lakutsogolo limachita kuyera ndi chisanu. Kuchoka ku Rosettenville kukafika ku City Deep 4 koloko m'mawa, msewu uli zii, ndi mphindi zowerengeka. Kasingano koonetsa kutentha kakungoyamba kudzuka kumene, inu mwafika, mwazimitsa. Mukutuluka mumsika injini yazizira kale, muilizenso, makilomita asanu, muzimitsenso. Zili ngati kukoleza mbaula, makala asanafiire inu n'kuthirapo madzi, kenako kukolezanso. Nsima sipsa pamenepo, chimene mumapeza ndi utsi ndi mwaye.

Mwaye umenewu ndiye mwini nkhani, ndipo uli ndi malo awiri amene umakonda kukhala.

Oyamba ndi kavavu kotchedwa EGR, kamene kamabweza utsi wina mu injini kuti moto wa m'katimo usatenthe mopitirira muyezo. Pafupifupi bakkie iliyonse ya dizilo ya masiku ano ili nako. Utsi wa injini yozizira ukasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo umapanga phala lakuda lomata, ndipo phalalo limatseka njira ya mpweya pang'onopang'ono. Izi ndinaziona ndi maso anga. Ndinali ndi bakkie yanga imene kwa chaka chathunthu sinkadziwa msewu wina koma wa kunyumba, kuntchito ndi kutchalitchi. Tsiku lina pa msewu wa M2 ndikuponda moto galimoto osayankha, kanyali kachikasu kali ngwee pa dashibodi, mathiraki akundiimbira hutala kumbuyo. Makaniko wina wa ku Booysens atamasula paipi yolowera mpweya anandiitana kuti ndidzaone. Analowetsa sikuludiraiva n'kukokolola chinthu ngati phula la mumsewu, mpaka kudzaza chitini cha nsomba. Bowo limene linayenera kulowa chibakera linali litatsala loti zala ziwiri zokha. Anandifunsa funso limodzi basi: "Galimoto imeneyi munapita nayo liti kutali?" Ndinangokanda m'mutu.

Malo achiwiri ndiwo oopsa kwambiri kuthumba: sefa ya mwaye imene ili mu paipi ya utsi, imene amakaniko amangoti DPF. Ntchito yake ndi kugwira mwaye kuti usatulukire kunja. Ikadzaza iyenera kudziyeretsa yokha powotcha mwayewo, ndipo pamafunika moto wa madigiri pafupifupi 600. Galimoto yoyenda mtunda wautali pa liwiro labwino imatentha mokwanira, mwaye wambiri umapsa mwini wake osadziwa n'komwe. Koma ya m'tauni, kompyuta ya galimoto imachita kuthira dizilo wapadera kuti ikoleze motowo, ndipo ntchitoyo imafuna mphindi khumi kapena makumi awiri injini ikuyenda osazima. Inu ulendo wanu wonse sukwana mphindi zimenezo. Mukazimitsa pakati, sefa imatsala yosayera, ndipo dizilo wina wosapsa uja amatsikira mu oyilo n'kumusungunula. Mawa kompyuta iyesanso, muzimitsanso. Mapeto ake kanyali kayaka, galimoto imadzichepetsa mphamvu yokha n'kumangokwawa, ndipo sefa ikafika potheratu mtengo wa yatsopano ungakulipirireni lendi miyezi ingapo.

Apa ndi pamene alamu anu analekera. Chimene sananene n'chakuti si bakkie iliyonse ya kuno imene ili ndi DPF. Nkhani zambiri zoopsa zimene anthu amawerenga pa intaneti ndi za ku Ulaya, kumene malamulo a utsi anakakamiza kuti galimoto za dizilo zikhale ndi sefayi kuyambira cha m'ma 2009. South Africa yakhala zaka zambiri pa muyezo wakale wa Euro 2, choncho ma bakkie ochuluka ogulitsidwa kuno, makamaka akale monga Hilux 2.5 D-4D kapena Isuzu KB 250, anabwera opanda sefayi. Ena atsopano ali nayo. Musadalire pakamwa pa wogulitsa, pakuti ambiri sadziwa, ndipo odziwawo sanena. Tsegulani buku la galimotoyo muone ngati likutchula kanyali ka DPF, tengani nambala ya chasisi mukafunse kwa ogulitsa galimoto za mtundu umenewo, ndipo pitani ndi makaniko wanu akagone pansi pake aone. Safunsa anadya phula. Bakkie yopanda DPF imapirira timaulendo tanuti kwambiri ndithu, ngakhale kuti EGR ija ndi oyilo zimafunabe diso.

Tiyerekeze mwagula. Mungakhale nayo bwanji mwamtendere?

Chachikulu n'chakuti kamodzi pa sabata muziipatsa msewu. Osati kuzungulira m'makwalala a Rosettenville, loboti iyi loboti iyo, ayi. Lowani R59 kulunjika ku Meyerton, kapena N3 mpaka Heidelberg, makilomita pafupifupi 50, n'kubwerera. Mphindi 30 kapena 40 pa liwiro losasinthasintha, injini isakuchita kulefuka pa giya yapamwamba. Lamlungu masana misewu imeneyi imakhala yopepuka, ndipo chitsekereni ma e-toll, makina olipiritsa pamsewu aja, mu April 2024 misewu ikuluikulu yozungulira Joni sikuopsanso ndi mabilu aja. Tengani mayi a kunyumba ndi ana, aone kunja. Koma muwerengere kuti ulendo umenewu nawo ndi mafuta, tibwererako pamenepa.

Phunziraninso kuimva galimoto ikamadziyeretsa, ngati ili ndi DPF. Mukaima pa loboti injini imalira mokwera pang'ono kuposa masiku onse, fani imazungulira mwamphamvu, ndipo pansi pamatuluka fungo ngati la chitsulo chopsa. Mukaona zimenezo musazimitse, pitirirani pageti panu, zungulirani mpaka itakhazikika. Ndipo musaimike pa udzu wouma. Udzu wa kuno nthawi yozizira umauma ngati pepala, ndipo paipi yotentha chonchija ikhoza kuyatsa moto pansi pa galimoto yanu yomwe.

Pali chizolowezi china chimene tinachokera nacho kumudzi, choliza galimoto m'mawa n'kuisiya ikulira pabwalo mwini wake akumwa tiyi, ati itenthe kaye. Pa dizilo chimenechi n'chowononga. Injini ya dizilo yongolira pamalo amodzi sitentha msanga, imangochulukitsa mwaye womwe uja, mafuta akupita, aneba akutukwana. Dikirani kanyali ka mapulagi otenthetsa kazime, lizani, papite theka la mphindi oyilo azungulire, nyamukani mofatsa. Imatentha ikuyenda.

Za oyilo musanyengerere. Mabuku a ma bakkie ambiri amati sevisi pa makilomita 10,000 kapena 15,000, kapena pakatha chaka, chimene chayamba kufika. Mawu akuti "pakatha chaka" ndi anu amenewo, chifukwa makilomitawo simuwakwanitsa msanga, ndipo mabuku omwewo amaika timaulendo tifupitifupi m'gulu la ntchito yolemetsa injini. Ine ndikanakhala inu ndikanamasintha oyilo ndi sefa yake miyezi isanu ndi umodzi iliyonse. Loweruka lililonse solani kandodo koyezera oyilo. Tinazolowera kuopa oyilo akamatsika, koma pa dizilo wa m'tauni opani akamakwera yekha kupitirira mzere, ndipo nunkhizani: akamveka dizilo, musinthe osadikira tsiku. Galimoto ya DPF imafunanso oyilo wake wosasiya phulusa lambiri, amene pachigubu pamalembedwa C2 kapena C3 malinga ndi zimene buku lanena. Woyezera m'mabotolo pamsewu uja musiyeni.

Pomwetsa mafuta, dizilo wa 50ppm (nambala yoonetsa kuchuluka kwa salufa amene alimo) ndiye wapaliponse, 10ppm ndi woyera kuposa pamenepo ndipo mukamupeza mwetsani ameneyo. Dziwaninso kuti kuno boma limaika mtengo wa petulo papampu Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, koma mtengo wa dizilo papampu aliyense amaika wake. N'chifukwa chake malo awiri oyandikana amasiyana mitengo. Kufunafuna kotchipa si kulakwa, koma kukatchipa modabwitsa muzidabwa ndithu. Kumayambiriro kwa 2024 boma linalengeza kuti linapeza malo ena akugulitsa dizilo wosakaniza ndi palafini, ndipo palafini amadya pampu ndi ma injector opopera dizilo mu injini, zinthu zimene mtengo wake umagwetsa munthu mphwayi. Batire nalo limavutika, pakuti kuliza dizilo kasanu pa tsiku kumalikama kwambiri pamene timaulendoto sitilibwezera mokwanira. Ulendo wa Lamlungu uja umathandizanso pamenepo.

Tsono tiwerengere ndalama, chifukwa inu ndi munthu wa geni. Malinga ndi mmene mwafotokozera, mumayenda makilomita ngati 25 pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Pa chaka ndi makilomita osakwana 8,000. Tiyerekeze kuti dizilo akukupulumutsirani malita atatu pa makilomita 100 aliwonse poyerekeza ndi petulo, ndipo lita tiiwerengere R22. Mwapulumutsa malita pafupifupi 240, ndalama yake R5,000 ndi kakusefukira. Pa chaka chonse. Chotsanipo mafuta a maulendo a Lamlungu aja, makilomita 100 sabata iliyonse, chotsaniponso oyilo wosintha kawiri, muona kuti phindu lija latha lonse musanakumane n'komwe ndi turbo kapena injector. Dizilo amabweza ndalama kwa munthu wa Joni–Polokwane sabata ndi sabata, kapena wokoka ngolo yodzaza njerwa.

Sindikuti petulo alibe chilema. Kuno kumtunda mpweya ndi wopepuka, ndipo injini ya petulo yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a mphamvu yake poyerekeza ndi ku Durban. Mukadzaza matumba a mbatatesi mudzaimva ikubuula pachitunda, pamene ya dizilo ya turbo ikukwera ngati sinasenze kanthu. Koma kuchoka ku City Deep kupita ku Turffontein simukuthamangira ndege. Hilux ya petulo ya 2.0 kapena 2.7 ya mipando yakutsogolo kokha imasenza katundu wanu bwinobwino, imatentha msanga, ndipo makaniko aliyense wa pakona amaidziwa. Ngati katundu wanu sapitirira makilogalamu 800, Nissan NP200 ya petulo ya 1.6 ndi kavalo wa anthu a geni mu Joni muno. Anasiya kuipanga ku Rosslyn mu 2024, koma zoyendapo kale zili mbwee ndipo zipangizo zake sizisowa. Mtundu uliwonse umene mungasankhe, funsani kaye mtengo wa inshuwalansi ndi thiraka, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa, musanapereke ndalama, chifukwa akuba a mu Gauteng amawakonda ma bakkie kuposa mmene inu mumawakondera.

Ndikudziwa kuti mtima wanu suli ku City Deep, uli pa Beitbridge. Mukudziona kale mukudutsa Harare, Nyamapanda, mlatho wa pa Tete, Zobue, Mwanza, kenako kutulukira pabwalo ku Mangochi firiji ndi matilesi zili pamwamba, ana akuthamangira galimoto. Tonse matchona timalota maloto amenewo, ndipo pa ulendo woposa makilomita 1,500 ngati umenewo dizilo ndi mfumu, sindingatsutse. Koma ndi milungu itatu pa chaka, pamene milungu ina yonseyo galimotoyo ndi ya tomato. Ya petulo nayo imafika ku Mangochi, ingomwa kwambiri panjira.

Maganizo anga ndi awa, achimwene. Pa ntchito imene mwafotokozayi, ine ndikanagula ya petulo. Ngati mtima wakaniratu, gulani ya dizilo yopanda DPF, yokhala ndi buku la sevisi lodindidwa bwino, ndipo mulonjeze kuti Lamlungu lililonse iziona Heidelberg. Ya DPF ndiye ayi, pokhapokha geni itakula n'kuyamba kukatenga katundu kumafamu a ku Limpopo. Mukapeza imene yakudololani, nditumizireni chaka chake, kukula kwa injini, makilomita amene yayenda ndi chithunzi cha pansi pake kuyambira pa injini mpaka pakati pa paipi ya utsi. Poti mukaione, pitani m'mamawa injini ili yozizira, ndipo muwauze ogulitsawo asailize inu musanafike.